MWANA WA MLENDO AMENE ANABVALA NKHOPE YA MANDELA

Usiku wa pa 5 December 2013, anthu ochuka anasonkhana mu London kudzaonera kanema wa moyo wa Nelson Mandela. Kanemayo asanathe, uthenga unafika wakuti Mandela watsikira kuli cete. Bambo Idris Elba, amene anasewera monga Mandelayo, anali momwemo.

Bambo Elba anabadwira mu London mu 1972. Atate ao anacokera ku Sierra Leone, amai ao ku Ghana. Atatewo anali kugwira nchito m'fakitale ya magalimoto ya Ford ku Dagenham, ndipo mwanayo nayenso anakhetsako thukuta kumeneko. Ndalama zina anali kuzipeza poliza nyimbo pa maukwati ndi m'madansi. Atapita ku New York zinthu zinawathina kwambiri, mwakuti masiku ena anali kugona m'galimoto. Mwai unadza mu 2002 ndi sewero la The Wire.

Koma caka ca 2013 cinali cowawa, pakuti atate ao anamwaliranso caka comweco. Bambo Elba ananena kuti pophunzira makhalidwe a Mandela, anali kuyang'ana kwa atate aowo. Mu 2014 anatulutsa nyimbo zochedwa mi Mandela, zimene anapanga pamodzi ndi oyimba a ku South Africa.