Soketi Imodzi Sisenza Yadi Yonse

Tsiku lina madzulo m'chaka cha 2024 ndinapita kukazonda mayi wina wodwala ku Chawama. Chinali chaka cha chilala, madzi atatsika ku Kariba, ndipo nthawi zina makomboni a Lusaka ankaona magetsi maola atatu okha pa tsiku. Tili chikhalire magetsi anabwera. Ana anakuwa pabwalo, amayi anathamangira m'nyumba zawo, ndipo posakhalitsa ndinamva fungo la pulasitiki yopsa. Linkachokera pansi pa mpando umene ndinakhalapo, pamene panadutsa waya wopita ku zipinda zinayi za lendi. Pamfundo pake panali potentha mosagwirika.

Mwini yadi anati wayayo wagwira ntchito zaka ziwiri osavuta, ndipo sananame. Chimene chinasintha n'chakuti kale aliyense ankaphika pa nthawi yake, koma tsopano onse anayatsa zinthu zawo nthawi imodzi. Kuti timvetse zimenezi, owerenga okondedwa, tiyenera kuchita samu pang'ono, zosaposa za mwana wa Giredi 7.

Taganizirani thanki ya madzi yokhala pamwamba ndi paipi yotsika. Mphamvu yokankha madzi ndiyo ma volt, ndipo ZESCO imatipatsa ma volt 230. Kuchuluka kwa madzi oyenda m'paipi ndiwo ma amp. Kupanikiza kwa paipi, kumene kumaletsa madzi kuyenda momasuka, ndiwo ma ohm. Ntchito imene ikugwirika, kaya ndi kutentha kaya kuwala, ndiyo ma watt. Maina onsewa ndi a anthu: Volta wa ku Italy, Ampère wa ku France, Ohm wa ku Germany ndi Watt wa ku Scotland. A bungwe la Vinsenti Woyera wa Paulo angakondwe kumva kuti Frédéric Ozanam, amene analiyambitsa ndi anzake mu 1833, ankagona kunyumba kwa Ampère ali mwana wa sukulu ku Paris.

Malamulo ake ndi awiri. Loyamba: ma volt kuchulukitsa ndi ma amp, mupeza ma watt. Lachiwiri, limene Ohm analilemba mu 1827: ma volt kugawa ndi ma amp, mupeza ma ohm.

Tembenuzani ketulo yanu, muona palembedwa, tinene, 2000W. Gawani 2000 ndi 230, mupeza ma amp 8.7. Gawaninso 230 ndi 8.7, mudziwa kuti chitsulo chake chotenthetsa madzi chili ndi ma ohm 26. Sitovu ya mapuleti awiri ya 2000W ikokanso ma amp 8.7, nsimbi ya 1000W ikoka 4.3. Zonse pamodzi ndi ma amp pafupifupi 22. Tsono pulagi yathu ya mano atatu inapangidwira ma amp 13, ndiye kuti ma watt osakwana 3000. Ketulo ndi nsimbi zokha zadzaza kale mtolowo. Sitovu ilibe malo.

Mkati mwa pulagi muli fiyuzi, kamlonda kamene kamadzipereka kupsa kuti nyumba isapse. Koma ife fiyuzi ikapsa timaikulunga ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, kapena kutaya pulagi yonse n'kulowetsa mawaya m'soketi ndi timitengo ta machesi. Ndaziona ku George, ndaziona ku Kanyama, ndipo kunena zoona ndinazichitapo ndili mnyamata. Ena amadalira chozimitsa cha pa bokosi la magetsi, osadziwa kuti nthawi zambiri chimalola ma amp ochuluka kuposa amene kawaya kopyapyala kangapirire.

Nanga n'chifukwa chiyani mfundo ndiyo inatentha? Mawaya opotedwa ndi manja sagwirana bwino, ndipo dzimbiri likalowa kupanikiza kumakula. Tinene kuti mfundoyo ili ndi theka la ohm. Mababu khumi a LED a 9W amakoka ma amp 0.4 okha, ndipo kutentha kwa pamfundo sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a watt. Mfundo yotere ingakhale zaka zambiri yozizira. Koma pakadutsa ma amp 22, lamulo la Ohm litiuza kuti pamfundopo patsala ma volt 11; chulukitsani 11 ndi 22, mupeza ma watt 242. Amene anagwirapo babu yakale ya 100W yoyaka akudziwa mmene imawotchera. Ikani kutentha kwa mababu awiri otere ndi theka pamalo ang'ono ngati chikhadabo, pansi pa mpando wa thonje kapena kumbuyo kwa katani. Ma amp akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi.

Samu zomwezi zithetsanso mikangano ya mayunitsi pakati pa anthu a mita imodzi. Yuniti imodzi ndi ma watt 1000 kwa ola lathunthu. Puleti imodzi ya 1000W yophika nyemba maola atatu ingadye mayunitsi atatu, pamene babu ya 9W ifunika kuyaka maola oposa 110 kuti imalize yuniti imodzi. Wogona m'chipinda cha babu ndi wailesi sayenera kulipira mofanana ndi mwini sitovu.

Ku Chawama kuja tinazimitsa magetsi pa bokosi usiku womwewo. Loweruka lotsatira anaitana mmisiri wa magetsi wokhala ndi mapepala, amene anachotsa kawaya kaja, n'kuika waya wonenepa wopanda mfundo ndi chozimitsa chakechake. Ndalama anasonkherana mabanja asanu. Pakhomo la mwini yadi anamatapo pepala lolembedwa ma watt a chinthu chilichonse cha m'yadimo, ndipo amayi anagwirizana kuti wosita zovala azidikira wophika nsima atsirize.