Dayiki yolimba isatseke njira ya kumtsinje

Alimi a ku Mangochi, simunaiwale momwe nyanja ya Malawi idakwerera mu 2024, madzi n'kulowa m'nyumba ndi m'madimba a m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire. Ngati mudzi wanu ukumanga kapena kukonza dayiki, dziwani kuti dothi lokha silikhalitsa, mvula imalikokolola.

Mvula ikangoyamba, bzalani udzu wa vetiva mbali zonse ziwiri, motalikirana masentimita 10 mpaka 15. Mizu yake imalowa pansi kwambiri n'kugwira nthaka. Bango la m'mphepete musalitenthe, limachepetsa mphamvu ya mafunde.

Mitengo ya mango, mikuyu ndi nsungwi zimapatsa mudzi mthunzi ndi kukongola, koma zibzalidwe chapatali. Pamwamba pa dayiki ayi, chifukwa mizu ikaola imasiya mauna odutsa madzi.

Chachikulu n'chakuti musawatsekere anthu kumadzi. Ikani masitepe amiyala pa doko la asodzi ndi potungira madzi, ng'ombe muzipatse pomwera pake. Mukapanda kutero, anthu adzatsegula okha njira, ndipo madzi osefukira adzalowera pomwepo.

Mlangizi wa m'dera lanu akuthandizani kupeza mbewu ya vetiva.