Phungu akagwira yekha thumba, za tikiti ya msika afunse ndani?

Minibasi ikangosiya msewu wa M1 pa Bwengu n'kulowa pa Njakwa, pomwe mtsinje wa South Rukuru umadzipanikiza pakati pa mapiri, umadziwa kuti Rumphi wayandikira. Ine ndidapitako kukaona azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, amene kumeneko timawaitana kuti ankhazi. Iwo amagulitsa tomato, anyezi ndi usipa pa msika wina m'bomalo. Dzina la msikawo ndalisunga.

Tsiku lachiwiri ndili nawo pa benchi, kudabwera mnyamata wodula matikiti. Ankhazi adamasula mfundo ya chitenje, kulipira, kenaka kapepalako adakaponya m'chitini chakale cha majarini. Nditasuzumiramo ndidapeza matikiti ali tho, ena ofiira ndi fumbi.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, paja umalemba nyuzi," adatero m'Chitumbuka chawo chija. "Tandiuza, ndalama iyi imapita kuti? Nanga phungu amene tidamuvotera uja amaifunsa?"

Ndidayankha mwachibwibwi. Nkhani ino ndiye yankho lomwe ndidalephera kupereka tsiku lija, ndipo ndikudziwa kuti inu a mu msika wa Limbe, wa Lilongwe, wa Zomba ndi wa Mzuzu funso lanu ndi lomwelo.

Ndalama ya tikiti si ya boma la ku Capital Hill ayi, ndi ya khonsolo. M'chaka cha 1998, nthawi ya a Bakili Muluzi, dziko lino lidakhazikitsa lamulo la maboma ang'ono pamodzi ndi ndondomeko ija timaimva pa wailesi kuti Mphamvu ku Anthu. Cholinga chidali chakuti misika, sukulu za pulayimale, zipatala zing'onozing'ono, mijigo, misewu ya kumidzi ndi alangizi a zaulimi ziziyendetsedwa pa boma pomwepo, osati munthu wa ku Hewe kudikira kalata yochokera ku Lilongwe kuti chimbudzi cha pa msika chikumbidwe. Ndondomekoyo idanenanso kuti boma lalikulu lizipereka ku makhonsolo ndalama zosachepera 5 pa 100 iliyonse ya zomwe latolera, kuti achitire chitukuko. Khonsolo nayo imatolera zake: matikiti a msika, ziphaso za mabizinesi, za m'madepoti ndi zina.

Tsono pamene pali ndalama payenera kukhala wofunsa. Woyamba ndi khansala, amene mumamusankha kuti akakhale m'khonsolo, avomereze bajeti ndi kuyang'anira bwanamkubwa, DC uja, ndi antchito ake. Pamwamba pa khansala pali phungu wa Nyumba ya Malamulo.

Phungu ali ndi zida, tisanamizane. Mkulu wofufuza za chuma cha boma, Auditor General, amalowa m'mabuku a khonsolo iliyonse n'kulemba lipoti lopita ku Nyumba ya Malamulo. Lipotilo limagwera m'manja mwa komiti ya aphungu yoona momwe ndalama za boma zayendera, yomwe ambiri amangoti PAC. Komitiyi imaitana DC kuti adzakhale pa mpando wamoto: malisiti a mafuta ali kuti, simenti idagulidwayo idamanga chiyani, matikiti adasindikizidwa angati ndipo ndalama idalowa ku banki ndi zingati. Anthu a ku Rumphi komitiyi amaidziwa bwino, poti a Kamlepo Kalua, omwe adali phungu wa Rumphi East, adakhalapo wachiwiri kwa wapampando wake m'Nyumba ya Malamulo ya 2014 mpaka 2019, ndipo pakamwa pawo sipadali pozizira. Palinso komiti ina ya aphungu yoona za maboma ang'ono. Kupatula apo phungu aliyense ali ndi ufulu woimirira m'Nyumbamo n'kufunsa nduna ya maboma ang'ono funso lililonse lokhudza khonsolo ya kwawo.

Papepala zonsezi n'zokoma. Koma lipoti la Auditor General kawirikawiri limafika kwa aphungu patapita chaka kapena zaka. Pofika tsiku lofunsana, DC amene adasayina cheke adasamutsidwa kalekale, ali ku boma lina, ndipo amene wakhala pampandoyo amangoti ndidapeza zili choncho. PAC siimanga munthu; imalangiza chabe, kenaka nkhani imadikira apolisi, a ACB kapena unduna. Nanga mafunso a m'Nyumba ya Malamulo aja? Mudamvetserako pa wailesi? Ambiri sakhala mafunso, amakhala mapempho: anduna andiganizireko mlatho, anduna andiganizireko mijigo. Nduna imadzuka n'kunena kuti boma liganizira ndalama zikapezeka, phungu n'kuthokoza, basi yatha. Wofunsa kuti ndalama ya chaka chatha idagwira ntchito yanji amasowa.

Chidafooketsa aphungu kwenikweni n'china, ndipo mbiri yake ndi iyi. Chisankho choyamba cha makhansala m'nthawi ya matipate chidachitika mu Novembala 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, boma la a Bingu wa Mutharika silidaitanitse chisankho china. Dziko lidakhala zaka 9 popanda khansala ndi mmodzi yemwe, mpaka chisankho cha patatu cha pa 20 Meyi 2014. Mpando ukakhala wopanda mwini wina amakhalapo. Mu 2006 kudabadwa thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, CDF. Mu 2010 aphungu adasintha lamulo la 1998 lija: adadzipatsa mphamvu yovota m'khonsolo, pamene kale ankangokhalamo opanda voti ngati mafumu, adachepetsa chiwerengero cha makhansala, ndipo mphamvu yosankha DC idapita kwa nduna. Makhansala omwe mu 2000 adali oposa 800 adatsala 462 mu 2014.

Taonani za Rumphi. Pa chisankho cha 2014 ndi cha 2019 bomali lidali ndi madera a aphungu anayi: Central, East, North ndi West. Dera lililonse lidagawidwa mawodi awiri. Ndiye kuti pa anthu 12 ovota m'khonsolo, anayi adali aphungu. Phungu, amene ali ndi galimoto, malipiro ndi khutu la chipani, atakhala moyandikana ndi khansala wobwera pa kabaza, mukuganiza kuti mawu olemera ndi a yani?

Zimandikhudza kuti izi zikuchitikira boma lomwe lidabala a Chakufwa Chihana, amene adamangidwa pa bwalo la ndege ku Lilongwe pa 6 Epulo 1992 chifukwa chofuna kuti boma lizifunsidwa mafunso. Iwo adadzakhala phungu wa Rumphi Central, ndipo adamwalira mu Juni 2006, chaka chomwe CDF idayamba. Koma tisapatuke.

Ndalama ya CDF imadutsira ku akaunti ya khonsolo ndipo wosayina ndi DC. Komabe kwa zaka zonsezi aliyense ankadziwa kuti mwini thumba ndi phungu: ndiye ankanena kuti mlatho ukhale apa, buloko ya sukulu ikhale apo, ndipo anthu ankaitcha ndalama ya abwana. Thumbalo lidakula, kufika K100 miliyoni pa dera lililonse mu 2022 ndi K200 miliyoni mu 2024. Apa ndiye pali mfundo yanga. Auditor General akapeza kuti buloko ya sukulu idalipiridwa yonse koma ilibe denga, PAC iitana DC. DC akayankha kuti ntchitoyo idali ya CDF ndipo womanga adachita kulozeredwa, phungu afunsanso chiyani? Adziitane yekha? Inu amalonda mukudziwa: amene akusunga ndalama za chipereganyu sakhala yemweyo wowerengera buku. Sikuti aliyense ndi wakuba ayi, koma ngakhale munthu wolungama sangadzifufuze.

Ndalama ikalowa pakamwa, mawu amachepa. Kumbukirani za K4 biliyoni mu 2018. Zidamveka kuti ndalamazo zidakonzedwera madera a aphungu 86 okha. Otsutsa boma adakuwa kwambiri, ndipo adali ndi chifukwa. Koma atagwirizana kuti ndalamazo zigawidwe ku madera onse 193, phokoso la m'Nyumbamo lidazirala, otsala kukuwa adali a mabungwe ndi anthu pa msewu.

Amene adadzatsekula nkhaniyi si aphungu, ndi makhonsolo eni ake. Bungwe lawo la MALGA lidakasuma, ndipo mu Meyi 2025 khoti lalikulu, litakhala ngati khoti lomasulira malamulo a dziko, lidagamula kuti n'kulakwira malamulo oyendetsera dziko kuti aphungu azivota m'makhonsolo ndi kuyendetsa nawo CDF. Oweruza adati ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, kuimira anthu ndi kuyang'anira boma, osati kugwira ntchito ya bomalo. Chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chitadutsa, madera a aphungu atakwera kufika 229, ndipo a Peter Mutharika atalonjeza K5 biliyoni pa dera lililonse, aphungu atsopano sadachedwe: chaka chisanathe adavomereza bilo yosintha malamulo oyendetsera dziko kuti abwerere pa thumba lija. Mu Januwale 2026 Pulezidenti adakana kusayina. Abale, zipani zomwe zimatukwanizana tsiku ndi tsiku, pa nkhani iyi yokha zidayankhula chinenero chimodzi.

Komatu ndisawaweruze ngati alibe mbali yawo. Ndidakhala pa benchi ya ankhazi masiku anayi ndipo ndidamva momwe anthu amayezera phungu. Palibe ndi mmodzi yemwe adati phungu wakuti adafunsa funso labwino ku PAC. Muyeso ndi bokosi la maliro, fizi ya mwana, galimoto yonyamula wodwala, mjigo. Phungu wobwerera kumudzi ndi lipoti m'manja m'malo mwa malata, mavoti amamuthawa. Tidawaphunzitsa tokha kuti akhale makontilakitala. Ndipo Rumphi si boma lapafupi kuliyendetsa. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 229,000, omwazikana kuyambira ku Hewe kumalire a Zambia, kudutsa Bolero kwa Themba la Mathemba Chikulamayembe, kukwera mapiri a Phoka ndi Livingstonia, mpaka kutsikira kunyanja ku Mlowe ndi ku Tcharo komwe ambiri amafikako pa boti kapena wapansi. Mlimi wa fodya ku Katowo ndi msodzi wa ku Tcharo zofuna zawo n'zosiyana, ndipo onse amaona ngati pa boma pali kutali. Aphungu amati: tikachokamo ife, DC amene sadasankhidwe ndi anthu, wotumizidwa ndi Lilongwe, amugwira dzanja ndani? Funso limeneli ndi loona.

Koma yankho lake lili m'funso momwemo. Ngati DC akufunika womuyang'anira, ndiye phungu ayang'anire, manja ali opanda kanthu. K5 biliyoni ikadzafikadi pa dera limodzi, idzakhala ndalama yoposa ya 2024 ija ka 25. Khonsolo yomwe imavutika kusunga malisiti a matikiti a msika idzafunika maso ambiri kuposa kale, ndipo maso amenewo ndi a khansala pa boma ndi a phungu ku Lilongwe. Ine phungu amene ndingamuvotere ndi woti afike pa msika ndi lipoti la Auditor General, aliwerenge m'Chitumbuka kapena m'Chichewa anthu akumva, kenaka akafunse nduna kuti DC wakuti adabweza liti ndalama zomwe lipoti likunena. Akakamizenso boma lalikulu kutumiza ndalama za makhonsolo pa nthawi yake, poti nthawi zina khonsolo timainena ulesi pamene thumba lake Lilongwe sadalitumize.

Nanunso a m'misika muli ndi chida chomwe ambiri simuchigwiritsa ntchito. Kuyambira pa 30 Seputembala 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma likugwira ntchito. Komiti ya msika itha kulemba kalata kwa DC kapena kwa mkulu wa khonsolo ya mzinda kufunsa kuti msika wathu udatolera zingati chaka chatha ndipo zidagwira ntchito yanji. Lamulolo limapereka masiku 15 ogwira ntchito kuti ofesi iyankhe, ndipo ikakana mutha kukadandaula ku bungwe la Malawi Human Rights Commission. Kope la kalatayo mupatse khansala, lina mupatse phungu, muone amene ayambe kuyenda nayo.

Usiku woti ndinyamuka mawa lake ndidawafotokozera ankhazi zonsezi pa khonde, nyali ili pakati. Adamvetsera osandidula, kenaka adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope la mdzukulu wawo, kung'amba pepala lapakati.

"Lemba kalatayo iweyo, dzanja lako ndi labwino. Mawa ndikawaonetsa anzanga a komiti."

Ndidalemba mafunso atatu: matikiti adadulidwa angati pa msikawo chaka chatha, ndalama idalowa ku khonsolo ndi zingati, ndipo yobwerera kudzagwira ntchito pa msikapo ndi zingati. Ankhazi adaipinda kanayi, kuiika m'chitini cha majarini chija pamwamba pa matikiti, n'kutseka chivundikiro. M'mawa adandiperekeza ku depoti atandimangira usipa m'nyuzipepala.