Luso lopempha ndalama za sayansi m'makoleji a anthu akuda ku America

Katherine Johnson, mayi amene masamu ake anathandiza bungwe la NASA kutumiza anthu kumlengalenga, anamaliza maphunziro ake mu 1937 pa West Virginia State College, sukulu yomwe inakhazikitsidwira anthu akuda m'nthawi ya tsankho. Makoleji ngati amenewa alipo pafupifupi 100 m'dziko la United States, ndipo palinso ena otumikira amwenye a m'dzikolo ndi anthu ochokera kumaiko olankhula Chisipanishi. Ngakhale aphunzitsa akatswiri ambiri, gawo lomwe amalandira pa ndalama za boma za sayansi ndi lochepa poyerekeza ndi la mayunivesite akuluakulu.

Gwero la vutoli lili pa mmene ndalamazo zimaperekedwera. Bungwe la National Science Foundation, limene linakhazikitsidwa mu 1950, siligawira sukulu iliyonse mofanana. Mphunzitsi amalemba pempho lofotokoza kafukufuku kapena maphunziro omwe akufuna kuyambitsa, ndalama zofunika, ndi njira yoyezera zotsatira zake. Asayansi anzake amaunika pempholo poyang'ana zinthu ziwiri, kuya kwa nzeru zake ndi phindu lake kwa anthu. Mapempho ambiri amakanidwa.

Pa mpikisano umenewu yunivesite yolemera imayambira patsogolo. Ili ndi ofesi ya anthu odziwa kukonza bajeti ndi kutsatira malamulo a boma, komanso zipangizo zoyesera ganizo lisanalembedwe. Mphunzitsi wa pakoleji yaing'ono amatanganidwa ndi makalasi ambiri, ndipo nthawi zina amalemba pempholo yekha usiku. Kusiyanaku kuli ndi mizu yakale. Mu 2023 nduna ziwiri za boma la United States zinalembera abwanamkubwa a zigawo 16 kuwadziwitsa kuti mayunivesite a zaulimi a anthu akuda anamanidwa ndalama zoposa madola 12 biliyoni pa zaka pafupifupi 30.

Ichi n'chifukwa chake thandizo lina limalunjika pa luso lopemphalo. Mu 1990 Dr Shirley McBay, katswiri wa masamu, anayambitsa bungwe la Quality Education for Minorities Network mumzinda wa Washington. Pa misonkhano yake aphunzitsi amaphunzira kuwerenga bwino chimene opereka ndalama akufuna, kulemba zolinga zoyezeka, ndi kukonzanso pempho lokanidwa potsatira ndemanga za oliunika m'malo molitaya. Nalo bungwe la National Science Foundation linatsegula thumba lapadera la makoleji a anthu akuda mu 1998, ndi lina la makoleji a amwenye mu 2001.

Zipatso zikuoneka. Mu 2025 Howard University inaikidwa m'gulu lapamwamba kwambiri la mayunivesite ochita kafukufuku. Komabe m'chaka chomwecho boma la Pulezidenti Donald Trump linathetsa mathandizo ambiri okhudza kukweza magulu osalidwa, ndipo ntchito zina zinaima pakati.

Akuluakulu anati kupempha si kuba, koma pa nkhani ya sayansi kupempha kumafuna maphunziro ake. Koleji yomwe yaphunzitsa aphunzitsi ake kulemba mapempho, n'kukhala ndi wowerengera ndalama wodalirika, imatha kugogoda pamakomo ena, monga a mabungwe omwe si aboma, khomo la boma likatsekedwa. Amene amapindula ndi wophunzira wa chaka choyamba, yemwe amapeza chipinda choyeseramo chili ndi zipangizo.