Chifukwa Chake Agogo Asowa pa Chithunzi cha Ukwati

Ntchito yojambula zithunzi m'midzi ya kumadzulo kwa Lilongwe siinayambe dzulo ayi. Kale wojambula ankapalasa njinga kuchokera ku Mpingu mpaka ku Namitete, kamera ili lende m'khosi, ndipo filimu ikadzaza ankapita nayo mumzinda kukatsukitsa. Lero filimu inalowa m'mbiri. Ambiri anagula makamera a makono, kawirikawiri ogwirapo kale ntchito, koma ena anasunga malenzi awo, pakuti malenzi ambiri a Nikon a m'masiku a filimu amalowa bwinobwino pa makamera ambiri a Nikon a makono. Komatu pamenepa ndi pamene pabisala msampha. Wojambula amaima pomwe ankaima kale, lenzi ili yomwe ija ya mamilimita 50, koma pa chithunzi ankhoswe a kumanzere atsala phewa lokha, agogo a kumanja asoweratu. Eni ukwati sangalipire chithunzi chotere, ndipo mwambo sungabwerezedwe chifukwa cha wojambula.

Lenzi ilibe mlandu. Nkhani ili pa kachipangizo ka m'kati mwa kamera kotchedwa sensa, kamene kanalowa m'malo mwa filimu. Lenzi iliyonse imaponya kumbuyo kwake chithunzi chozungulira ngati lichero, ndipo filimu kapena sensa imangotapa chigawo cha ngodya zinayi pakati pa licherolo. Chimene chagwera kunja kwa sensa chimatayika, ngakhale lenzi inachiona.

Filimu imene ojambula a kuno ankagwiritsa ntchito inkatenga chithunzi cha mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi. Muyeso umenewu unafala ndi kamera ya Leica, imene Oskar Barnack anaikonza ku Germany ndipo inayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1925. Makamera a makono atabwera, kupanga sensa yaikulu chotero kunali kokwera mtengo zedi, kotero kuti Nikon D1 ya mu 1999 inatuluka ndi sensa ya mamilimita pafupifupi 24 ndi 16. Makamera ambiri otsikirapo mtengo akutsatabe muyeso womwewu, wotchedwa APS-C. Kugawa 36 ndi 24 kumapereka 1.5, ndipo nambala imeneyi ndiyo imene odziwa za makamera amaitcha crop factor. Sensa ya Canon ya mtundu womwewu njocheperako pang'ono, choncho nambala yake ndi 1.6.

Manambala okha sakhutitsa, koma pa bwalo la ukwati tanthauzo lake limaoneka poyera. Wojambula akaima mamita 5 kuchokera pa anthu, lenzi ya mamilimita 50 pa filimu inkatenga malo otambalala mamita 3.6. Ngati munthu aliyense atenga theka la mita, anthu 7 ankakwana: mkwati, mkwatibwi, ankhoswe awiri, makolo awiri ndi agogo. Pa sensa ya APS-C ya Nikon malo aja amachepa kufika pa mamita 2.4, amene sakwana n'komwe anthu 5. Pa ya Canon amatsala mamita 2.2 chabe. Kuti onse 7 alowenso, wojambula ayenera kubwerera m'mbuyo mpaka mamita 7.5. Panja pa tchalitchi cha Nambuma malo otere alipo ambiri, koma m'chipinda chochezera cha nyumba ya ku Nsaru msana umagunda khoma asanafike ndi pa theka lomwe. Ndiye mwambo wa chinkhoswe ukachitikira m'nyumba chifukwa cha mvula, lenzi yokondedwa ija imasanduka katundu wolemetsa thumba.

Mankhwala ake ndi lenzi yaifupi. Ya mamilimita 35 pa sensa yaing'ono imaona pafupifupi monga ya 50 inkaonera pa filimu, pakuti 35 kuchulukitsa ndi 1.5 ndi 52.5. Lenzi ya 18 mpaka 55, imene imagulitsidwa pamodzi ndi makamera ambiri ndipo ena amaipeputsa poti njopepuka m'manja, ndiyo imapulumutsa m'malo opanikizika. Pa 18 imatenga malo opitirira mamita 6 wojambula ali pa mamita 5 omwe aja. Chofunika n'kusayandikira kwambiri, chifukwa lenzi yaifupi imatambasula nkhope za anthu a m'mphepete, ndipo palibe apongozi amene angakondwe kuona mutu wawo utakhala ngati dzungu.

Ogulitsa ena amanyengerera kuti pa kamera yotere lenzi ya 50 imasanduka ya 75, ngati kuti wogula walandira basera. Zoona zake n'zakuti lenziyo ikadali ya 50. Chachitika n'chimodzimodzi ndi kutenga chithunzi cha filimu, kuchidula m'mbali ndi sizasi, kenaka kukulitsa chotsalacho. Komabe kudulako kuli ndi phindu lake. Pa bwalo la gule wamkulu ku Kabudula, wojambula amene walandira chilolezo kwa eni mwambo sayandikira chilombo mwachisawawa. Ali pa mamita 30, lenzi ya mamilimita 200 pa sensa yaing'ono imatenga malo a mamita 3.6 okha m'malo mwa 5.4, ndipo gule amadzaza chithunzi ndi fumbi lake lomwe. N'chimodzimodzinso pa bwalo la mpira.

Msampha wina umadikira amene bizinesi yamuyendera bwino nagula kamera ya sensa yofanana ndi filimu, monga Canon EOS 5D imene inayamba kutuluka mu 2005. Malenzi opangidwira sensa yaing'ono amaponya lichero laling'ono. A Nikon amalembedwa DX, ndipo pa kamera yaikulu amadetsa ngodya za chithunzi, kapena kamerayo imadzidulira yokha m'mbali. A Canon amalembedwa EF-S, ndipo pa 5D salowa n'komwe. Zilembo zimenezi zimakhala pa thupi la lenzi, zazing'ono kwambiri, ndipo pa lenzi yakaunjika nthawi zina zimakhala zitafufutika.