Thandizo la pa tebulo: malamulo othandizana m'masewera otenga mbali

Masewera otenga mbali a pa tebulo ndi masewera omwe anthu anayi kapena asanu amakhala pamodzi n'kumaumba nkhani imodzi. Aliyense amakhala ndi mtengambali wake monga zimakhalira m'sewero, koma palibe mawu oloweza. Mmodzi amakhala wotsogolera. Iyeyu amafotokoza malo, anthu ndi mavuto, ndipo enawo amanena zomwe atengambali awo achite. Ikafika ntchito yomwe ingatheke kapena kukanika, monga kuwoloka mtsinje wodzaza kapena kutsegula loko popanda kiyi, wosewera amaponya dayisi, ndipo nambala yotulukayo ndiyo imagamula. Palibe kubetcha ndalama, ndipo kawirikawiri palibe wogonjetsa mnzake, chifukwa gulu lonse limalimbana ndi vuto limodzi. Otchuka kwambiri mwa masewerawa ndi Dungeons & Dragons, omwe Gary Gygax ndi Dave Arneson adatulutsa ku America mu 1974.

Popeza osewera amakhala mbali imodzi, pali funso lomwe silichedwa kubuka. Mtengambali wina akukankha chitseko cholemera, ndiye mnzake akuti, "Ine ndimuthandiza." Kodi chisinthe n'chiyani pa dayisi? Funsoli likuoneka laling'ono, komatu yankho lake ndilo limagamula ngati wosewera yemwe mtengambali wake alibe luso pa ntchitoyo akhale ndi chochita kapena angokhala woonerera madzulo onse. Tikasanthula malamulo a masewera osiyanasiyana tikupeza kuti onse amayankha mafunso atatu: athandize ndani, thandizolo liwonjezere zochuluka bwanji, nanga wothandizayo ataye chiyani?

Njira yoyamba: kuwonjezera nambala

Mu Dungeons & Dragons amagwiritsa ntchito dayisi ya mbali 20. Wotsogolera amatchula nambala yofunika kufikira, ndipo wosewera amaphatikiza zomwe zatuluka pa dayisi ndi mapointi a luso la mtengambali wake. M'malamulo omwe kampani ya Wizards of the Coast idatulutsa mu 2000, ndi kuwakonzanso mu 2003, wofuna kuthandiza amayamba waponya dayisi yake. Akafika pa 10 kapena kupitirira, mnzakeyo amawonjezeredwa 2. Masewera a Pathfinder, omwe kampani ya Paizo idatulutsa mu 2009, adatengera lamulo lomweli.

Tiyeni tiwerengere. Ngati mnzathu akufunika kupeza 11 kapena kupitirira, mbali 10 mwa 20 zili zomukomera, kutanthauza maulendo 50 pa 100. Tikamuwonjezera 2, mbali zomukomera zikhala 12, ndiye maulendo 60 pa 100. Ubwino wa lamuloli ndi woti ndi losavuta kumva, ndipo ngakhale mtengambali wopanda luso lililonse amakwanitsa kufika pa 10 maulendo 55 pa 100.

Vuto limabwera othandiza akachuluka, chifukwa ma 2 aja amaphatikizana. Anthu asanu akakwanitsa, mnzawoyo wapeza 10 yowonjezera, ndipo ntchito yomwe imayenera kukhala yovuta yasanduka yopepuka. Komanso wothandiza akalephera, palibe chomwe chimamuchitikira. Zotsatira zake n'zakuti aliyense pa tebulo amangoti "nanenso, nanenso" osaganiza n'komwe kuti akuthandiza motani. N'chifukwa chake malamulo omwewo amapatsa wotsogolera mphamvu yochepetsa chiwerengero cha othandiza. Pa chitseko chopapatiza sipangakwane mapewa asanu ndi limodzi.

Njira yachiwiri: kuponya kawiri

Mu 2014 malamulo atsopano a Dungeons & Dragons adasintha njira. Wothandiza saponyanso dayisi. M'malo mwake wothandizidwayo amaponya madayisi awiri n'kutenga nambala yaikulu, ndipo mwayi umenewu amautcha advantage. Uja amafunika 11 tsopano angalephere pokhapokha madayisi onse awiri atamukana. Theka la theka ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, choncho mwayi wake wakwera kuchoka pa 50 kufika pa 75 pa 100.

Apa pali chinthu chofunika kuchionetsetsa. Kuwonjezera 2 kumakweza mwayi mofanana pa ntchito yovuta ndi yapakatikati yomwe. Kuponya kawiri kumathandiza kwambiri pa ntchito yapakatikati, koma mphamvu yake imachepa ntchito ikavutitsitsa. Ngati chofunika ndi 20 basi, kuponya kawiri kumakweza mwayi kuchoka pa 5 kufika pafupifupi pa 10 pa 100, pomwe kuwonjezera 2 kukanaufikitsa pa 15. Ndiye kuti lamuloli limachepetsa ngozi yolephera ntchito yomwe munthu angaithe, koma silimupatsa zomwe luso lake silingafikire.

Advantage saunjikana. Athandize mmodzi kapena asanu, madayisi amakhala awiri omwewo, ndipo vuto la chigulu lija latha. Malamulowa adaikanso malire ena. Wothandiza akhale woti akanatha kuyesa ntchitoyo payekha, motero wosadziwa zida zotsegulira loko sangathandize wotsegula loko. Ntchitoyo ikhalenso yoti anthu awiri angaigwirire limodzi mopindula. Pa nkhondo, wothandiza amataya mpata wake womenya kuti asokoneze mdani yemwe ali naye pafupi, osapitirira mafiti 5, omwe ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka. Malamulo okonzedwanso mu 2024 adatsindika kuti wothandiza pa ntchito ya luso akhale woti lusolo kapena chidacho adachiphunzira.

Komabe kunja kwa nkhondo, komwe nthawi sithamangitsa munthu, thandizoli limakhala laulere. Ngati palibe chotaya, palibe chifukwa chosathandizira, ndipo kuponya kawiri kumasanduka chizolowezi cha ntchito iliyonse.

Njira yachitatu: wothandiza alawe nawo

Olemba masewera ena adaona kuti thandizo laulere silikometsa nkhani, choncho adaliikira mtengo. Mu Pathfinder ya 2019, wothandiza amayenera kukonzekera pa nthawi yake yosewera, kenako n'kuponya dayisi mnzakeyo akamayamba ntchito. Akakwanitsa amawonjezera 1, akakwanitsa mopambana amawonjezera 2 kapena kuposerapo malinga ndi luso lake, koma akalepheratu amachotsera mnzakeyo 1. Wothandiza wosadziwa ntchito atha kuononga zinthu, monga tonse tidaonapo wina akugwira mbali yolakwika ya katundu wolemera.

Mu Apocalypse World, masewera omwe Vincent Baker adatulutsa mu 2010, amaponya madayisi awiri a mbali 6. Wothandiza sawonjezera mapointi a mphamvu kapena a nzeru, koma nambala yosonyeza momwe akumudziwira mnzakeyo. Akapeza 7 kapena kupitirira, mnzakeyo amalandira 1 yowonjezera. Koma zikathera pa 7, 8 kapena 9, wothandizayo naye walowa m'ngozi yomweyo. Nambala 1 ingaoneke yochepa, komatu pa madayisi awiri otere imakweza mwayi wofika pa 7 kuchoka pa 58 kufika pa 72 pa 100. Chosangalatsa n'chakuti lamuloli limapatsa mphotho osewera omwe atengambali awo adziwana bwino m'nkhaniyo.

Blades in the Dark, ya John Harper ya mu 2017, ili ndi njira yakenso. Wosewera amaponya madayisi angapo a mbali 6 n'kuyang'ana wamkulu mwa iwo. Wothandiza amapatsa mnzake dayisi imodzi yowonjezera, koma iye amadzilembera pointi imodzi ya stress, komwe ndi kupanikizika kwa mtengambali wake. Pa pepala la mtengambali pali mabokosi 9 okha a stress, ndipo akadzaza, mtengambaliyo amatsala ndi bala la mumtima losachoka. Amaloledwa kuthandiza ndi munthu mmodzi yekha pa kuponya kulikonse, ndipo zinthu zikavuta naye akhoza kukhudzidwa. Walira mvula walira matope. Pamenepa wosewera amayamba waganiza asananene kuti athandiza, ndipo mnzakeyo amadziwa kuti wapatsidwa chinthu chamtengo.

Gulu lonse likamachita chinthu chimodzi

Pali nthawi zina pomwe sikuti mmodzi akuthandizidwa, koma onse akuchita chinthu chimodzi, monga kudutsa mwakachetechete pafupi ndi alonda. Tikanena kuti aliyense akwanitse payekha, masamu amatiukira. Anthu asanu, aliyense ali ndi mwayi wa 70 pa 100, angakwanitse onse pamodzi maulendo 17 okha pa 100. Gulu lingayambe kusiya m'mbuyo mnzawo wosachenjera, ndipo wosewera wake angakhale chete kudikira.

Dungeons & Dragons ya 2014 idathetsa izi ponena kuti theka la gulu kapena kuposerapo likakwanitsa, onse akwanitsa. Pa anthu asanu aja pafunika atatu, ndipo mwayi ukwera kufika pa 84 pa 100. Aluso aja amaphimba ofooka. Blades in the Dark imatenga nambala yabwino koposa mwa onse kukhala ya gulu, koma mtengambali yemwe watsogolera ntchitoyo amalandira pointi ya stress pa mnzake aliyense yemwe walephera. Mtsogoleri amasenza zofooka za anthu ake, ndipo akavomera kutsogolera amadziwa zimenezo.

Tisankhe lamulo liti?

Palibe lamulo loyenera tebulo lililonse. Kwa ongoyamba kumene, kuponya kawiri n'kosavuta chifukwa palibe zowerengera zambiri. Kwa okonda kuwerengera mwayi mosamala, manambala a Pathfinder amawapatsa zoganizira. Kwa ofuna kuti ubale wa atengambali umveke m'nkhani, njira zokhala ndi mtengo ndizo zimagwira mtima.

Ngakhale zili choncho, tikaika malamulo onsewa pamodzi tikuona mfundo zomwe wotsogolera aliyense angagwiritse ntchito. Choyamba, wofuna kuthandiza afotokoze chomwe mtengambali wake akuchita: akugwira nyali, akukoka chingwe, kapena akucheza ndi mlonda kuti asatembenuke. Ngati sangathe kufotokoza, ndiye kuti palibe thandizo. Chachiwiri, chiwerengero cha othandiza chikhale ndi malire odziwika dayisi isanaponyedwe, kuti pasakhale mkangano nambala itatuluka kale. Chachitatu, wothandiza adziwiretu chomwe chimugwere ntchito ikakanika.

Mfundo yachitatuyi ndiyo yaikulu. Mutu umodzi susenza denga, koma onse osenza dengalo amamva kulemera kwake, ndipo likapendama limapendamira onse. Thandizo lopanda mtengo limatha ngati phokoso chabe pa tebulo. Wosewera akataya mpata wake, kapena akaika mtengambali wake pangozi kuti mnzake awoloke mtsinje, gulu limadzakumbukira zomwe iye adachita ngakhale dayisi idaponyedwa ndi wina.