Mpikisano wa masiku awiri, bodza la tsiku ndi tsiku



Ophunzira anga a Fomu 4 anandifunsa tsiku lina kuti "hackathon" n'chiyani. Anali atamva kuti m'chaka cha 2025 bungwe la Council of Europe, lomwe lili ndi maiko 46, linaitanitsa achinyamata ku Strasbourg m'dziko la France kuti akapikisane popeza njira zothana ndi nkhani zabodza za pa intaneti ndi kuteteza demokalase. Ndinawayankha mwachidule chifukwa belu linali litalira. Lero ndifotokoze bwino, poti nkhaniyi ikukhudzanso foni zomwe zili m'nyumba zathu.

Mpikisano wotere umayenda chonchi. Okonza amapereka vuto limodzi. Opikisana amakhala m'magulu a anthu ochepa a luso losiyana: wina wodziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta, wina mtolankhani, wina wa zamalamulo kapena mphunzitsi. Amapatsidwa masiku awiri kapena atatu, ena osagona n'komwe, kuti apange chinthu chooneka. Pomaliza gulu lililonse limaonetsa zomwe lapanga pamaso pa oweruza, ndipo opambana amalandira mphoto kapena thandizo loti apitirize. Ubwino wake ndi wakuti mutu umodzi susenza denga. Vuto lake ndi lakuti zambiri zopangidwa mothamanga chonchi zimathera pa tsiku lojambulitsa zithunzi.

Chitsanzo cha zomwe zinakhalitsa chili ku Taiwan, chilumba cha anthu pafupifupi 23 miliyoni chomwe chili kufupi ndi China. Kumeneko kuli gulu la anthu ongodzipereka lotchedwa g0v, lomwe linayamba mu 2012 ndipo limakumana pakapita miyezi iwiri iliyonse kupanga zinthu zothandiza nzika. Chakumapeto kwa 2016 ena mwa iwo anayambitsa Cofacts. Anthu a ku Taiwan amalemberana kwambiri pa LINE, monga momwe ife timachitira pa WhatsApp, ndipo bodza la m'magulu a pabanja limavuta kuligwira chifukwa sililembedwa poyera pomwe atolankhani angalione.

Cofacts imagwira ntchito motere. Munthu akalandira uthenga wokayikitsa amautumiza ku akaunti ya Cofacts, ngati akutumizira mnzake. Kompyuta imafufuza ngati wina anaufunsapo kale. Ngati yankho lilipo, limabwera nthawi yomweyo. Ngati palibe, uthengawo umakhala pamndandanda kudikira anthu ongodzipereka, omwe amafufuza n'kulemba ngati muli zoona, muli zabodza, kapena ndi maganizo chabe a munthu. Woyankha amasonyeza komwe wazitenga, ndipo uthenga umodzi ukhoza kukhala ndi mayankho angapo kuti wowerenga ayerekeze yekha. Mu 2018 munthu wina anapanganso kapulogalamu kotchedwa Auntie Meiyu, komwe amakalowetsa m'gulu la pabanja ngati m'bale. Bodza lodziwika likaponyedwa m'gulumo, azakhali a pa kompyutawa ndi omwe amayankha. Apa anaganiza mwanzeru, chifukwa tonse tikudziwa kuvuta kwake koti mwana auze amalume ake pagulu kuti zomwe atumizazo n'zonama.

Onani kuti mbali ya makina m'ntchito imeneyi ndi yochepa. Ntchito yaikulu ya makina ndi kusunga ndi kufananiza. Kufufuza kwenikweni akuchita ndi anthu, chaka ndi chaka, opanda mphoto. Ife ophunzira za Deen sitingadabwe nazo. Maulama a Hadith, monga Imam Bukhari, sankalandira mawu chifukwa chongomveka bwino. Ankafunsa kuti wanena ndani, iye anamva kwa ndani, anakumanadi kodi, nanga amadziwika ndi kunena zoona? Mndandanda umenewu ndi womwe timautcha isnad. Uthenga wolembedwa kuti "Forwarded many times" ndi uthenga womwe isnad yake inaduka, ndipo ndime 6 ya Surah Al-Hujurat imatilamula kufufuza kaye nkhani tisanavulaze anthu mosadziwa.

Nanga demokalase ikubwera pati? Pa chisankho cha pulezidenti cha pa 13 January 2024 ku Taiwan, chomwe anapambana Lai Ching-te, makanema anafalikira onena kuti mavoti aberedwa. Ena anali odulidwa: ankaonetsa wogwira ntchito akulakwitsa kulemba voti koma osaonetsa pomwe cholakwikacho chinakonzedwa. Ofufuza nkhani anapeza makanema athunthu n'kuwafalitsa. Chinawathandiza n'chakuti ku Taiwan mavoti amawerengedwa pamanja pamalo oponyera voti, pepala lililonse likukwezedwa m'mwamba anthu akuona. Bodza la mtundu umenewu silisamala kwenikweni kuti wapambana ndani. Limafuna kuti anthu asiye kukhulupirira kuti voti yawo imawerengedwa, kuti ulendo wina asadzapite kukaima pamzere.

Koma apa pakufunika kusamala, ndipo ndi pomwe ndimasiyana maganizo ndi ena okonda mipikisano imeneyi. Si dandaulo lililonse la chisankho lomwe lili bodza. Kwathu kuno, chisankho cha May 2019 chitachitika, anthu ankatumizirana zithunzi za mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tippex. Pakanakhala makina ongofufuta uthenga uliwonse wotsutsa zotsatira, akanafufuta zoona. Oweruza asanu anamva umboni kwa miyezi ingapo, ndipo pa 3 February 2020 anathetsa chisankho cha pulezidenti; china chinachitika pa 23 June chaka chomwecho. Choncho ndikamaona zomwe magulu amapanga m'mipikisanoyi ndimafunsa funso limodzi: chidachi chikuthandiza munthu kufufuza, kapena chikumutseka pakamwa? Choyambacho chimateteza demokalase. Chachiwiricho boma lililonse loopa kudzudzulidwa lingachikonde.

Palinso vuto la chilankhulo. Zida zambiri zimapangidwira Chingerezi ndi zilankhulo zina zazikulu, ndiponso zimawerenga zolembedwa. Mphekesera za ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota zimayenda kwambiri pa ma voice note, m'Chichewa ndi m'Chiyao, wolankhula osatchula dzina lake, tsiku, kapena mudzi. Mphekesera za anamapopa mu 2017 zinaphetsa anthu m'maboma a kummwera monga Mulanje ndi Phalombe, ndipo palibe pulogalamu ya ku Strasbourg yomwe ikanamva zomwe zinkanenedwa pa chigayo kapena pa dooko. A WhatsApp nawo anayesa mbali yawo: mu 2019 analamula kuti uthenga usatumizidwe kumalo oposa 5 nthawi imodzi, anthu ataphedwa ku India chifukwa cha mphekesera zakuba ana. Izi zimachedwetsa bodza, koma wodina batani akadali munthu.

Ophunzira aja ndinawapatsa ntchito yoyesera m'magulu a anthu anayi. Gulu lililonse litenge uthenga umodzi womwe wazungulira kwambiri m'foni za makolo awo, lipeze yemwe anauyamba, tsiku lomwe chithunzi chake chinayamba kuoneka, ndi munthu kapena ofesi yomwe ingatsimikize. Gulu lina linabwerera m'mbuyo anthu asanu ndi awiri, mpaka linafika kwa mayi wina yemwe anati anaupeza m'gulu la maliro, ndipo nambala yomwe inauponya mmenemo palibe amene ankaidziwa.